Amene Ankawakalipira Achemwali pa Foni

Ine ndili ndi pakamwa, ndipo sindikana. Kuntchito kwathu, kumene ndimaphika tiyi ndi kukolopa, palibe amene sanalaweko lilime langa: madalaivala osiya makapu pansi pa mipando, alonda, akalaliki, ngakhale abwana akale aja amene ankazimitsira ndudu m'sosala ngati kuti sosalayo amatsuka ndi agogo awo. Amuna anga amati ndinatuluka m'mimba ndikukalipira mzamba. Mwina n'zoona. Koma pali munthu mmodzi amene sindinamukwezerepo mawu chibadwire changa, ndipo ndi achemwali anga, amene ine ndinawaponda pamutu.

Achemwali anapsa ali kamtsikana, ine ndisanadziwe kanthu. Ankapopa sitovu ya parafini, sitovuyo n'kuphulika, moto n'kuwagwira mbali yonse ya kumanzere, kuyambira patsaya mpaka paphewa. Mabala anapola koma khungu linakokana. Diso la kumanzere linatsala lonyowa ngati likulira, mlomo unakokekera pansi, ndipo khutu linangotsala kachidutswa. Ife apabanja tinazolowera, kapena ndinene kuti tinkadziuza kuti tazolowera.

Chimene chinawapweteka kwambiri si kusekedwa ayi. Oseka analipo, ana a mumsewu, koma amenewo achemwali ankawabwezera mawu mpaka anawo n'kuthawa okha. Chinawadya moyo ndi chisoni cha anthu. Mayi athu, amene enafe ankatikwapula ndi chilichonse chimene dzanja lapeza, achemwali akaswa mbale ankangoti, musiyeni mwanayo. Aphunzitsi sankawafunsa homuweki. Kondakitala wa basi, munthu wotukwana dziko lonse, akafika pa iwo ankatsitsa mawu n'kuyang'ana kumbali. Achemwali anawapatsa dzina mawu amenewo, ankati ndi mawu a kuchipatala, aja timalankhula tikaima pambali pa bedi la munthu amene tikudziwa kuti sadzuka. Ankati munthu ukamalankhulidwa choncho tsiku ndi tsiku, umayamba kudzimva fungo la mankhwala.

Ngakhale kunyumba kwanga ndi chimodzimodzi, popeza amakhala nafe, m'chipinda cha kumbuyo choyang'anizana ndi mpanda. Ana anga ine amandiyankha mwano mpaka ndimawathamangitsa ndi chipande, koma amayi awo aakulu akalankhula amangoti chabwino, maso pansi. Amuna anga, amene mchere ukachepa pang'ono amadandaula ngati ndawathira poizoni, achemwali akapsereza chakudya amadya chonse n'kunena kuti zakoma alamu. Ife timayesa ulemu. Eni ake ankaziona zonsezo.

Ntchito anaipeza pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, malata, simenti, mapaipi, misomali, ndipo ndi iwo anadzandilowetsa ine pambuyo pake. Anawaika m'kachipinda ka kumapeto kwenikweni, kupitirira chimbudzi ndi kabati ya matsache, kopanda zenera. Ena ankati n'kuwapondereza, koma iwo anakakonda. Munali desiki, mpando wong'ambika umene anauyalira kansalu, fani yolira ngati ili ndi chifuwa, ndi foni ya pa desiki yotuwa, ya chingwe chopotanapotana, manambala a pa mabatani atafufutika ndi chala chawo. Makasitomala ankaimba kunena zimene akufuna, achemwali n'kuimbira kudepoti, kumene katundu amasungidwa, kuti akweze pa lole. Depotiyo ili kutali, ulendo wa tsiku lathunthu.

Pa foni ija achemwali anali munthu wina. Abale inu, mawu ake! Ozama pang'ono, osalala, oseka mkati. Ankaika foni kukhutu la kumanja n'kuipanikiza ndi phewa, manja akulemba, ndipo ine podutsa ndi mopu ndinkaima kaye pakhomo kuti ndingomva. Amuna ena omanga nyumba ankaimba kufunsa mtengo wa misomali umene akuudziwa kale. Palibe ankadziwa za nkhope yawo, ndiye palibe ankatsitsa mawu.

Anthu onse akale a mafoni amenewa anali ndi chizolowezi chimodzi. Ukafuna kunena kanthu kwa munthu amene uli naye m'chipinda, koma wa pa foniyo asamve, unkaphimba pakamwa pa foni ndi chikhatho, n'kunena zakozo, kenako n'kuchotsa dzanja n'kupitiriza mwaulemu ngati palibe chachitika. Dzanja linkapita lokha, osalituma. Achemwali ankatero akafuna kundiuza kuti kasitomala uyu wandizunguza mutu, tandibweretsere tiyi. Abwana akale ankatero potukwana a kubanki. Chizolowezi chimenechi muchisunge, tichipeza kutsogoloku.

Mkulu wa kudepoti tinkamutchula kuti a Chiphokoso, chifukwa akamalankhula pa foni unkachita kuichotsa kukhutu. Tsiku loyamba kulankhulana ndi achemwali, kalekale ine ndisanakwatiwe, oda ya malata inali itasokonekera, ndipo bamboyo sanafunse n'komwe kuti walakwitsa ndani. Anawakalipira achemwali kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anawafunsa ngati makutu anawasiya kunyumba, ngati sukulu anaphunzira ya pansi pa bedi, ngati kampani yayamba kulemba ntchito mbuzi. Madzulo ake achemwali anafika kunyumba akumwetulira ndi mbali imene imamwetulira ija, n'kundikokera kuchipinda.

"Iwe, lero munthu wandikalipira," anatero monong'ona. "Akuti ndine mbuzi."

Ine ndinapsa mtima, ndinati andipatse nambala ndimuimbire ndimuuze za makolo ake. Iwo anandigwira mkono n'kunena kuti ndisayerekeze. Tsiku limenelo anadya kuposa masiku onse, akung'ung'udza kanyimbo.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse inali nkhondo. Bamboyo anawapatsa dzina lakuti Mayi Chisokonezo, ndipo dzina la Chiphokoso lija anayambitsa ndi achemwali pobwezera. Ankakangana za kukula kwa mapaipi, za amene wachedwetsa lole, za mvula ngati igwe kapena ayi. Iye ankati akamva mawu awo mutu umayamba kuwawa, iwo n'kumuuza kuti mutu wopanda kanthu suwawa. Zaka zinapita, imvi zinamera, abwana anabwera n'kupita, koma foni ikalira m'mawa achemwali ankadziwa ndi kaliridwe komwe kuti ndi ameneyo. Sichinali chibwenzi, musaganize zimenezo. Bamboyo anali ndi mkazi ndi ana, ndipo achemwali nkhani ya banja anaitseka kalekale. Kungoti pa dziko lonse lapansi panali munthu mmodzi yekha amene ankawatenga ngati munthu wathunthu, woti akalakwa atha kuuzidwa kuti walakwa. Chuma chawo chinali chimenecho basi, ndipo ankachisunga ngati dzira.

Chaka china mkazi wa bamboyo anamwalira. Atabwerera kuntchito, aliyense ankamulankhula ndi mawu a kuchipatala aja. Achemwali anaimba, anapepesa maliro mwachidule, kenako n'kumufunsa kuti nanga simenti ya dzana ija ikubwera wapansi kodi, popeza mpaka pano sinafike. Ine ndinali pomwepo ndikupukuta fani, ndinachita kugwira pakamwa. Kenako tinamva chiseko chachikulu, chosakanikirana ndi kulira. Bamboyo anati zikomo Mayi Chisokonezo, anthu kuno akundiyendera chonyang'ama ngati wafayo ndine. Achemwali ataika foni anandiyang'ana n'kunena kuti, waona, ameneyu amadziwa.

Kulikulu kuno a Chiphokoso anabwerako kangapo pa zaka zonsezo, ndipo ulendo uliwonse achemwali ankadwala. Lero mutu, ulendo wina mano, wina m'mimba. Ine ndi amene ndinkamulandira mlendoyo: kamunthu kakafupi, kadazi, mimba patsogolo, mawu okha ngati a gulu. Ankasuzumira m'kachipinda kaja n'kunena kuti mayiyu amandiopa. Tsiku lina anasiya mphatso pa desiki, loko wamkulu wa pageti, ati wotsekera pakamwa pa Mayi Chisokonezo. Achemwali anaseka mpaka misozi, ndipo lokoyo anakhala pambali pa foni kuyambira pamenepo, akupanikiza mapepala kuti fani isawaulutse. Anzathu a muofesi ankadziwa chimene achemwali ankadwalira, koma palibe anatsinako khutu a kudepoti. Ndinali nditawachenjeza mmodzimmodzi kuti amene adzatsegule pakamwa adzamwa tiyi wa madzi okolopera. Ndipo bamboyo akafunsa pa foni kuti kodi mumaoneka bwanji inu, achemwali ankayankha kuti ndine chiphadzuwa, mukadzandiona mudzagwetsera lole m'ngalande.

Kenako kunabwera abwana atsopano, mayi wachitsikana, wophunzira, waulemu wake, ndipo sindinganame kuti anali woipa mtima. Anati kampani ikutsalira. Mafoni a pa desiki achotsedwa, aliyense azilankhula kudzera pa kompyuta atavala mahedifoni, ndipo misonkhano ndi a kudepoti izichitika pa vidiyo, tizionana. M'chipinda cha misonkhano anapachika sikirini yaikulu ngati chitseko, pamwamba pake kamera, ndipo patebulo anaika kachipangizo kozungulira ngati sosala, kamene ndi maikolofoni. Bambo wa makompyuta anandiuza kuti kasosalako ndisamakapukute ndi nsalu yonyowa, ine ndinamuuza kuti asandiphunzitse ntchito. Kudepoti anaika sikirini yocheperako, ya patebulo, ndi kamera yake pamwamba, ndi kasosala kofanana.

Masabata oyamba zinali zoseketsa, ndivomere. Munthu ankalankhula mpaka thukuta, pakamwa pakuyenda koma osamveka, onse akumukuwira kuti dinani batani, dinani batani. Wina nkhope inkauma pa sikirini ali kukamwa yasa, netiweki itathawa. Wa ku akaunti anatokosa m'mphuno pamaso pa kampani yonse. Misonkhano imeneyo inali ya akuluakulu okha, achemwali sinkawakhudza, ndipo foni yawo inali ikadalipo popeza ankachotsa chipinda ndi chipinda, chawo n'kukhala chomaliza. Mahedifoni atawabweretsera anawayesa atatseka chitseko. Mbali ya kumanzere ankangotsetsereka, chifukwa panalibe khutu loti agwire. Anawaponya m'dirowa n'kunena kuti foni yawo adzachita kuwalanda ndi apolisi.

Tsoka linabwera abwana aja atalengeza kuti pakhala msonkhano wa onse, a kulikulu ndi a kudepoti, woti tidziwane nkhope. Ati anthu agwira ntchito limodzi zaka zambirimbiri osaonana, si bwino. Aliyense adzaima kutsogolo kwa kamera n'kupereka moni. Anachita kupita okha kukachipinda kwa achemwali kukawauza, ndi mawu otsika bwino aja, kuti asade nkhawa, palibe amene adzawaseke, ndipo wina akadzayerekeza adzaona. Mtima anali nawo wabwino mayiyo, koma nkhani sanaimve. Achemwali sankaopa kusekedwa.

Ine ndinawauza kuti adwale basi, monga mwa nthawi zonse. Ndinati ndikanena kuti mwagona ndi mutu waching'alang'ala, ndani angandifunse kawiri ine? Tinali kukhitchini ya kuntchito, ndikutsuka makapu. Iwo ankasewera ndi supuni.

"Ndatopa nako kudwala," anatero. "Mafoni akupita, iwe. Kaya lero kaya mawa, adzandiona basi. Ndiye bola andione nditaimirira."

Ndinawafunsa kuti nanga munthuyo akadzasintha? Anapukusa mutu. Anati ameneyo sangasinthe, si uja ndinamuseketsa atangoika mkazi wake? Anati uona, akangondiona anena kuti Mayi Chisokonezo, kodi nkhopeyo munaisita ndi ayironi ya makala? Ndipo iwo anali atakonza kale zoyankha za dazi lija, limene ine ndinali nditawafotokozera. Anandiuza mayankho angapo, tinaseka. Ndikunena zoona, chimene achemwali ankapempha kwa Mulungu sabata imeneyo chinali chakuti munthu awanyoze nkhope.

Tsikulo anavala diresi yawo ya buluu ya kutchalitchi. Mpango umene amaukokera patsaya akamayenda mumsewu anausiya pa mpando. Chipinda cha misonkhano chinadzaza, ena ataima kukhoma, ine ndili pakona ndi thireyi ya makapu. Pa sikirini panaoneka a kudepoti atathithikana patebulo lawo, kumbuyo kwawo matumba a simenti, ndipo a Chiphokoso anali kutsogolo kwenikweni, atayandikira kamera mpaka mphuno kukula ngati mbatata. Anthu anayamba kupita mmodzimmodzi. Aliyense akatchula ntchito yake, bamboyo anali ndi chonena: uyu ankamuyesa wamtali, uyu mawu ake ndi a munthu wonenepa, uyu tayi wabwereka. Kunali kuseka. Kenako anayamba kufunsa kuti nanga Mayi Chisokonezo ali kuti, kapena adwalanso?

Achemwali anali ataima pakhomo, pamene kamera sinkafika. Anachoka pamenepo n'kuyenda mpaka kutsogolo. Sanazembe, sanatembenuzire kamera mbali yabwino. Anaima chilili, manja kumbuyo, n'kulankhula ndi mawu awo a pa foni aja.

"Ndine pano, a Chiphokoso. Lole ija musaigwetsere m'ngalande."

M'chipinda mwathu ena anaseka pang'ono, mwamantha. Pa sikirini bamboyo anangoti kakasi. Ndinayamba ndaganiza kuti netiweki yathawa, koma ayi, maso ankaphethira. Ndinaona achemwali akudikira, chibwano chili m'mwamba, yankho la dazi lili kale pamlomo.

Ndiye dzanja lija linapita lokha. Bamboyo anakweza chikhatho n'kuphimba kamera, chifukwa ndi mmene ankayang'ana polankhula, ndiye kwa iye pakamwa pa foni panali pamenepo. Sikirini yathu yonse inada, n'kutsala kufiirira kwa chikhatho. Koma kasosala kaja kanali patebulo, kosaphimba, ndipo kameneko kamamva ngakhale munthu akumeza malovu. Tinamva mpando ukulira, munthu akutembenukira kwa mnzake, kenako mawu otsika, ofewa, amene ine ndinali ndisanawamvepo kuchokera pakamwa pamenepo.

"Ayi, chisoni bwanji. Zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira munthu wotere? Bwanji simunandiuze anthu inu? Mulungu andikhululukire."

Wina kumeneko ananong'ona kuti akumvatu, akumva. Dzanja linachoka. Nkhope inabwerera ikumwetulira kumwetulira kwa pambali pa bedi, ndipo bamboyo anati takondwa kukuonani mayi, Mulungu akudalitseni. Mayi basi, dzina lija silinatulukenso.

Abwana anathamangira kuitana wotsatira. Achemwali anagwedeza mutu mwaulemu n'kubwerera pakhomo paja, ndipo anakhala mpaka msonkhano kutha, sanathawe. Ndinkafuna kulowa m'sikirinimo ndikakagwire pakhosi kamunthu kaja. Akanatukwana bola, akananena za ayironi ya makala ija ndikanamuphikira ndi tiyi wa mkaka yemwe. Koma chisoni? Chisoni tili nacho chodzaza nyumba, sitinachisowepo ife.

Pobwerera tinakwera basi limodzi ndi achemwali. Nditayamba kumutukwana bamboyo, anandiletsa. Anati wadzidzimuka chabe, munthu aliyense amadzidzimuka, pofika mawa adzakhala atabwerera m'malo mwake. Ankadzilimbitsa mtima, ndipo ine ndinangovomera.

M'mawa foni inalira. Ndinali nditadzipezera chochita pafupi, ndikukolopa pokolopa kale. Kwa nthawi yoyamba sindinamve mawu a mbali inayo ndili pakhomo, achemwali omwe anachita kukanikiza foni kukhutu kuti amve. Anandiuza pambuyo pake kuti bamboyo anafunsa ngati adzuka bwino, ngati m'thupi muli bwino, n'kunena kuti asamadzipanikize ndi ntchito. Achemwali anamuputa dala, anati dazi lija linkawathobwa m'maso pa sikirini. Iye anangoseka pang'ono n'kunena kuti zoona mayi, zoona. Tsiku lotsatira chimodzimodzi, linzake chimodzimodzi. Za zimene ananena ataphimba kamera zija sanazitchule. Kupepesa kwake kunali kumeneko, kufewa.

Ine sindinapirire. Achemwali atatuluka kukagula chakudya cha masana, ndinalowa m'kachipindamo n'kuimba kudepoti ndekha. Ndinamuuza bamboyo kuti ndine wa tiyi uja, mng'ono wawo, ndipo kuti asiye zachibwanazo. Ndinati munthuyu ndi yemwe uja, sanapse dzulo, anapsa inu musanamudziwe, ndiye mukalipireni ngati kale, mumunene mbuzi, mumunene chilichonse. Ndinakweza mawu mpaka wa ku akaunti anasuzumira. Bamboyo anandimvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene sanachitepo kwa munthu, kenako anausa moyo. Anati wayesa, mayi, wayesa ndithu, koma akangotsegula pakamwa nkhope ija imabwera m'maso, mawu n'kubwerera okha. Anati iye si chinyama. Ndinamuuza kuti chinyama chikanakhala bwino, n'kumenyetsa foni pansi.

Ndiye achemwali anachita chinthu chimene sanachitepo pa moyo wawo wonse wa ntchito. Kasitomala anaitanitsa mapaipi aakulu a madzi, iwo n'kuuza kudepoti mapaipi ang'onoang'ono odutsitsamo mawaya a magetsi. Anachita dala, ndipo anandiuza. Lole inanyamula, inayenda tsiku lonse, kasitomala anaubweza katunduyo akulalata, dalaivala n'kubwerera nawo. Kale zoterezi a Chiphokoso akanang'amba denga, tikanawamva mpaka kumsewu. Achemwali analawirira kuntchito, anapukuta foni, anasuntha loko uja n'kumuika bwinobwino, n'kukhala pansi kudikira ngati mwana wodikira mphatso.

Italira anaitenga isanamalize n'komwe. Anandikodola kuti ndiyandikire, n'kuipendeketsa foniyo kuti timve tonse.

"Za mapaipi zija musadandaule nazo, mayi," anatero a Chiphokoso. "Ndawauza abwana kuti amene anamva molakwika ndine. Inu muli nazo kale zambiri zoti musenze."

Achemwali anati zikomo bambo, mwandithandiza, tsiku labwino, ndi mawu amene amayankhira kasitomala wachilendo. Anaika foni pang'onopang'ono ngati ingasweke.

Bambo wa makompyuta anafika kukachipinda kaja patapita masiku ochepa, atakonzeka kukangana, popeza anali atamva za apolisi zija. Anapeza foni yazulidwa kale kukhoma, chingwe chitakulungidwa bwinobwino, ili pakona pa desiki. Achemwali anamupatsa ndi manja awiri. Anamupatsanso loko uja, ati akawapatse alonda, mwina angamugwiritse ntchito pageti. Bamboyo anawaonetsa podina pa kompyuta, n'kuwauza motsitsa mawu kuti iwo kamera atha kumaizimitsa, abwana avomera. Mahedifoni amawavala chopendeka tsopano, mbali imodzi pakhutu, inayo ili patsaya. Ntchito amagwira, salakwitsa, ndipo maoda a kudepoti amangowalemba pa kompyuta n'kutumiza, osalankhula ndi munthu. Ndikamadutsa ndi mopu sindiimanso pakhomo. Mawu amene amatuluka m'kachipindamo masiku ano ndi a munthu amene akuwerenga chikwangwani.

Tsiku lina masana anabwera kukhitchini kwanga. Ndili ndi kapu yangayanga ine, yoyera ya maluwa ofiira, imene anandigulira mwana wanga woyamba atangoyamba ntchito, ndipo kampani yonse imadziwa kuti imeneyo sigwidwa. Dalaivala wina anamwerapo madzi, mpaka lero akandiona amakhota. Achemwali anaitenga pa shelefu, anaiyang'ana, anandiyang'ana ine m'maso, n'kutambasula zala. Inagwa pa simenti n'kumwazika mpaka pansi pa sinki.

Ndinamva mawu akukwera kuchokera m'mimba, aja amathawitsa madalaivala, ndipo ndinadziwa bwinobwino chimene akundipempha. Anaima pomwepo, chibwano m'mwamba, monga anaimira kutsogolo kwa kamera. Ndinatsegula pakamwa. Ndinaona diso lonyowa lija, ndi tsaya, ndi kachidutswa ka khutu.

"Sizinakuchekeni, achemwali?" ndinatero.

Anandiyang'ana kanthawi.

"Nawenso," anatero.

Anapita kukabati kuja kukatenga tsache, n'kuyamba kusesa okha.